Mayeso a mphindi 12 andisokoneza mutu, makochi ndithandizeni

Moni nonse pagulu pano. Ndimaphunzitsa timu ya mpira ku Kawale, anyamata a zaka 18 mpaka 23. Loweruka ndinawapatsa mayeso a Cooper, aja oti munthu athamange mphindi 12 kenako muyeze mtunda. Pa mamita amene wathamanga mumachotsapo 504.9 n'kugawa ndi 44.73, mwapeza VO2 max, kapena kuti kuchuluka kwa mpweya umene thupi limatha kugwiritsa ntchito munthu akathamanga ndi mphamvu zonse.

Wapakati wanga, amene amasewera mpira wonse osapempha kutuluka, anangopeza mamita 2,300, ndiye kuti 40. Goloboyi, amene pa training amangofuna pamthunzi, wapeza 2,800, ndiye kuti 51. Ndikhulupirire pepala kapena maso anga? Bwalo ndi lafumbi, ndinaliyeza ndi mapazi, ndipo tinayamba cha m'ma 11 koloko dzuwa likuswa mtengo.

Mphunzitsi wa ku Area 25: Akochi, mapazi si tepi. Mukaphonya mamita 20 pa raundi iliyonse, maraundi 8 ndi mamita 160, nambala yasuntha ndi zoposa 3. Komanso amene amadula makona amakuberani. Bwerekani tepi kwa amisiri omanga, kapena pezani mpata pabwalo la mamita 400 ngati la ku Bingu. Muyambe 6 koloko.

Mayi wina wothamanga: Wapakatiyo anayamba bwanji? Anyamata a mpira amauluka mphindi zitatu zoyamba, kenako mpweya phwa! Cooper anakonza mayesowa mu 1968 poyeza asilikali a ndege a ku America, ndipo amafuna munthu wodziwa kugawa liwiro lake. Yesani beep test, mayeso amene anakonza Léger: kuthamanga kupita ndi kubwera pakati pa mizere iwiri yotalikirana mamita 20 motsatira kulira kwa sipika, kuyamba pa liwiro la makilomita 8.5 pa ola, kumakwera pang'ono mphindi iliyonse. Foni ndi sipika basi. Pamenepo liwiro amapatsidwa, sadzisankhira.

Wina: Goloboyiyo mumuonetsetse, mwina anawerenga yekha maraundi kkkk.

Mwini funso: Kunena zoona, maraundi amawerengerana okha awiriawiri, ndipo goloboyi anali ndi msuweni wake. Beep test ija nditha kuichita pafumbi, kapena potembenuka aziterereka? Ena amabwera ndi nsapato zotha kunsi.