Mapu a pa foni m'njedza za ku Chilwa: alipo anayesapo?

Wakudomasi

Moni nonse. Ine ndimasaka abakha ndi atsekwe ku nyanja ya Chilwa, mbali imene mtsinje wa Domasi umathirako. Chifefe changa n'cholembetsa ndipo chiphaso cha mbalame ndili nacho, ndanenerathu kuti tisataye nthawi pa zimenezo.

Zaka zonsezi wotsogolera anali malume. Iwo amaima kumbuyo kwa bwato ndi nsungwi yokankhira, ine kutsogolo ndi mfuti, ndipo za njira sindinkafunsa n'komwe. Panopa maso awo achita ng'ala, kunyanja anasiya. Amene simunalowepo m'njedza mwina simungamvetse. Njedzazo zimapitirira munthu woimirira m'bwato, tinjira timene asodzi amadula timafanana tonse, ndipo mu Okutobala utsi wa moto wolusa ukadzaza mlengalenga, phiri la Zomba ndi la Chikala amazimiririka onse. Umangoona madzi akuda pansi ndi thambo lotuwa kumwamba.

Ndikatsegula mapu a pa foni yanga ndili pa doko, zonse zimaoneka bwino. Ndikalowa mkati netiweki imathawa, mapu amasanduka timabokosi topanda kanthu, kumangotsala kadontho ka buluu kaja. Kodi kadonthoko kamanena zoona popanda netiweki? Nanga pali pulogalamu imene ingandibweze pa doko dzuwa lisanalowe? Foni yake ndi Android wamba, batire silifika madzulo.

Nachisale wa Mapu

Achimwene, kadonthoko kamanena zoona. GPS sidalira nsanja za netiweki kapena bandulo. Foni imangomvetsera masetilaiti amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, ndipo ikamva anayi kapena kuposerapo imawerengera yokha pamene muli. Pamalo opanda denga ngati panyanja imalakwitsa ndi mamita asanu kapena kucheperapo. Chimene chimasowa netiweki ikathawa ndi chithunzi cha mapu chimene kadonthoko kamakhalapo, ndiye chithunzicho muyenera kuchisunga m'foni musananyamuke.

Google Maps imalola kusunga dera, koma imasunga misewu ndi mayina basi, zithunzi za setilaiti ayi. M'njedza mulibe msewu, ndiye sizikupindulirani zambiri. Ikani OsmAnd kapena Organic Maps. Onsewa amagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, mumatsitsa Malawi yense kamodzi pa Wi-Fi n'kuiwalako. Musayembekeze kuti tinjira ta asodzi mutipezamo. Phindu lake lili poti foni imajambula mzere wa pamene mwadutsa. Yatsani kujambulako muli pa doko, ikani chizindikiro pa dokopo ndi pa mphambano iliyonse imene mwakhota, pobwerera muzingotsata mzere wanu womwewo.

Tsegulani pulogalamuyo mukadali pamene pali netiweki kuti ipeze masetilaiti msanga, kenako ikani foni pa airplane mode. GPS imagwirabe ntchito, ndipo batire limakhalitsa chifukwa chimalidya kwambiri ndi foni kumangosakasaka nsanja imene kulibe. Chepetsani kuwala kwa sikirini, nyamulani power bank. Chinanso, kampasi ya m'foni imasokonezeka ikayandikana ndi chitsulo, ndiye musayang'ane kolowera foni ili pa mpope wa chifefe. Mukakayika, kankhani bwato mamita makumi angapo muone kumene kadontho kakulowera.

Mkulu wa pa Kachulu

Mphwanga, zimene anena mayiwa sindikutsutsa, ine za masetilaiti sindinaphunzire. Koma mvera za nyanjayo.

Chilwa si nyanja yokhala malo amodzi. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imafufuma ndi kuphwa malinga ndi mvula ya kumapiri. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anangogona pamatope. Chithunzi cha setilaiti chimene mdzukulu wanga anandionetsa chinali ndi mtunda pamalo pamene ine tsiku lomwelo ndinadutsa pa bwato. Chinajambulidwa chaka china, mwezi wina. Ngati uzidzayang'ana zithunzi zoterozo, yamba wafufuza kuti anajambula liti.

Mzere wakowo nawonso uli ndi malire ake. Mphepo ikaomba usiku, zigamba za udzu woyandama zimasuntha n'kutseka kanjira kamene unadutsa dzulo. Foni idzakuuza kuti pita apa, pamene apapo pali khoma la njedza. Kanjira kamene asodzi asiya kudutsamo kamameranso pa miyezi yochepa. Ndiye mzere wa chaka chatha usaukhulupirire ngati wa m'mawa uno. Wa tsiku lomwelo ndi umene ndingavomere, makamaka ukamathamangitsa bakha wovulala. Apa m'pamene anthu amasochera. Mbalame yagwera mkati, mtima uli pa ndiwo, wakhota kawiri katatu osawerenga, potembenuka sukudziwanso kumene unalowera. Pamenepo kadontho kangakupulumutsedi.

Koma malume akowo maso okha ndi amene afooka, mutu ulipo. Khala nawo pakhonde, uwafunse mayina a malo mmene iwo amatchulira, ndi chimene ankaona kapena kumva kuti adziwe kuti afika. Ena a ife timadziwira kayendedwe ka madzi pafupi ndi mathiriro a mtsinje, kulimba kwa pansi nsungwi ikagunda, mbali imene mphepo ya masana imachokera, ndi phokoso la anthu a m'zimbowera, tinyumba ta asodzi ta pamadzi. Ukafika pamalopo ika chizindikiro chako m'foni ndi dzina limene akupatsa. Mayina amenewo sanalembedwe pa mapu aliwonse, ndipo ukadzasochera n'kupeza msodzi, manambala a m'foni sadzamuthandiza kukulozera. Dzina la malo ndi limene adzamve.

Ndipo zizindikiro za pamene mbalame zimatera usamatumize m'magulu a WhatsApp. Kale malo otere munthu ankawadziwa atayenda zaka ndi akuluakulu, ndipo pofika nthawi imeneyo amakhala ataphunziranso kusiyako zina. Lero ungotumiza kwa mnzako mmodzi, Loweruka upeza mabwato asanu. Nyanjayi inalowa m'ndandanda wa padziko lonse wa madambo otetezedwa, wotchedwa Ramsar, mu 1996 chifukwa cha mbalame zomwezi, ndipo magulu a osaka mbalame anapatula malo ena oswanirana kumene sikuloledwa kusaka. Pita kwa a komiti a dera lako akakuonetse malire ake, uwaike m'fonimo poyamba, usanaike n'komwe malo a abakha.

Foniyo uiike m'kapepala ka pulasitiki komanga pakamwa, uikolowekenso m'khosi ndi chingwe. M'matope a Chilwa chikagwa chagwa.

Mlamu wa ku Indiana

Nkhani yokoma iyi. Kuno ku America anzanga akuntchito amene amasaka agwape otchedwa whitetail mu Novembala, pafupifupi aliyense ali ndi pulogalamu ya pa foni ya alenje, onX Hunt kapena HuntStand. onX inayambira ku Montana mu 2009, ndipo ndi yolipira pachaka. Chimene amaikondera si kuopa kusochera kwenikweni, ndi malire. Imaonetsa kuti nkhalango iyi ndi ya boma, munda uwu ndi wa uje, dzina la mwini wake lili pomwepo. Kuno gwape amene wamuwombera akathawira m'munda wa munthu n'kufera momwemo, sungakamutenge popanda chilolezo cha mwini munda. Ndiye munthu asanakoke chala amayamba wayang'ana kuti mzere uli pati.

Musavutike kuitsitsa kumudziko, mapu ake a eni malo ndi a kuno. Chimene mungatengereko ndi chizolowezi chawo: amasunga mapu m'foni usiku asananyamuke, ndipo amauza wina kunyumba dera limene alowere ndi nthawi yobwerera. Vuto la kuno ndi kuzizira, batire limatha mwadzidzidzi ndiye foni amaibisa mkati mwa jekete. Kwanuko ndi dzuwa. Ikatentha kwambiri imasiya kutchaja, nthawi zina n'kuzima, ndiye musaisiye poyera pansi pa bwato.

Msilikali Wopuma

Ndiwonjezere chimodzi, a Wakudomasi, ngakhale mwati mapepala muli nawo. Mzere umene foni imajambula umasunga malo ndi nthawi yake. Ngati munayenda moyenera, ndi mboni yanu. Ngati munalowa kosaloledwa, ndi mboni ya wokuzengani mlandu. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, pa milandu ikuluikulu munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Amene akuwerenga pano n'kumaganiza zoyesa nzeru zomwezi kufupi ndi Liwonde, dziwani kuti mzere wobiriwira wa paki pa mapu aulere unajambulidwa ndi anthu ongodzipereka, ukhoza kuphonya. Khoti lidzayang'ana mpanda ndi malire a boma.

Komanso mukalowera kwambiri kum'mawa kwa nyanjayo muli kufupi ndi Mozambique. Kuwoloka malire ndi mfuti ndi nkhani ina, chiphaso cha kuno sichigwira kumeneko.

Wakudomasi

Zikomo nonse. Mayi Nachisale, ndatsitsa Organic Maps pa Wi-Fi ya mnzanga ku Zomba, ndipo ndayesa kujambula mzere kuchokera kunyumba kukafika kumsika foni ili pa airplane mode. Wajambulika, mpaka pamene ndinapatukira kukagula chingwe pakuoneka.

Bambo a pa Kachulu, za mayina zija malume azikonda kuposa mmene ndimaganizira. Atchula malo ambiri moti ndachita kutenga kope, ndipo akuti ulendo woyamba apita nawo, azikakhala pakati pa bwato n'kumandiuza, ine ndizikankha ndi kuika zizindikiro. Mfuti tiisiya kunyumba tsiku limenelo. Kwa a komiti ndipita Lachisanu.

Funso lina kwa mayi Nachisale: zizindikiro ndi mizereyi ndingazisunge bwanji pena, kuti foni ikagwera m'madzi zisapite nayo limodzi?

Nachisale wa Mapu

Pa mndandanda wa zizindikiro pali posankha kuzitumiza ngati fayilo ya GPX kapena KMZ. Dzitumizireni nokha pa imelo mukangofika pamene pali netiweki, ulendo uliwonse. Foni yatsopano idzatsegula fayiloyo zonse zilimo.