Asilikali adothi aku China okhala ndi mikono ya maloboti, pali nkhani kumbuyo kwake kapena ndi za kompyuta basi?

Wapenti_Ulongwe:

Muli bwanji nonse muno. Ine ndimapenta zikwangwani kuno ku Ulongwe ku Mozambique, mabaraka, mometera tsitsi, nthawi zina kulemba mayina kumbuyo kwa chapa, maminibasi athu aja. Dzulo kwabwera mnyamata wina wometa akufuna ndimujambulire khoma la shopu yake, ndiye wandionetsa pa foni chithunzi cha msilikali wakale waku China, tsitsi analimanga kamfundo pamwamba, nkhope yadothi yong'aluka ng'aluka koma m'ming'alumo mukuwala magetsi abuluu, mkono umodzi wachitsulo ngati loboti, kumbuyo kwake nyumba zitalizitali zolowa m'mitambo. Abale mega anga onse athera pomwepo usiku, ndaona wina mzimayi wovala zansalu zakale akuyandama pafupi ndi chombo cha kumwezi atanyamula kalulu, wina nyani wovala zankhondo pamwamba pa mzinda wa magetsi okhaokha.

Ndiye ndikufunsa, zimenezi ndi nkhani zawo zenizeni kapena anthu akungosakaniza pa AI, nzeru za kompyuta zopanga zokha zithunzi zija? Komanso ine mtima sukundilola kupenta mChina pakhoma la ku Angonia, ndimaganiza bwanji nditapanga zomwezo koma ndi zathu, mwina gule wokhala ndi mawaya mkati. Thandizeni nzeru.

Aphunzitsi_Matundo:

Achimwene nkhani ilipo ndipo ndi yayitali. Msilikali mwaonayo ndi wa mfumu Qin Shi Huang, amene anagwirizanitsa China kukhala dziko limodzi mu 221 Yesu asanabadwe nkumwalira mu 210. Anamukwirira ndi asilikali oumba ndi dothi pafupifupi 8,000, aatali ngati ine ndi inu, nkhope zosiyanasiyana, ndi akavalo omwe. Anakhala pansi osadziwika mpaka 1974 pomwe alimi ena pafupi ndi mzinda wa Xi'an amakumba chitsime nkugunda mutu wadothi. Inu wapenti ichi chikukhudzani, asilikaliwo sanali otuwa ngati mmene timawaonera, anali opaka utoto wofiira, wobiriwira, wapepo, koma atangowafukula mpweya utawagunda utoto unayamba kukakatuka mu mphindi zochepa.

Manda enieni a mfumuyo sanawatsegulebe mpaka lero. Wolemba mbiri wawo Sima Qian analemba kuti mkatimo munali mitsinje ya mekuriyo, yemwe uja okumba golide amatsukira, kudenga anajambula nyenyezi, ndipo anatchera mauta oti alase yekha aliyense wolowa kudzaba. Atayeza dothi la paphiripo anapezadi mekuriyo wochuluka. Ndiye taganizani, mfumu yoopa imfa mpaka kutumiza anthu panyanja kukasaka mankhwala osafera, yokhala ndi gulu la anthu opanga, ndi misampha yolasa yokha. Wojambula akamuika mawaya msilikali ameneyu sanapite patali ayi, nkhaniyo inali kale chomwecho.

Palinso ina imandiseketsa, ya mmisiri Yan Shi amene amati anapanga munthu ndi chikopa, matabwa ndi guluu nkukamupereka kwa mfumu Mu. Chidolecho chimayenda, kuimba, kuvina, kenako chinayamba kutsinzinira akazi a mfumu kkkk mfumu inafuna kupha mmisiriyo mpaka anachita kuchimasula pamaso pake kuti ione kuti ndi matabwa. Ndi nthano koma ndi yakale kwambiri.

Mzimayi wakaluluyo ndi Chang'e, amati anamwa mankhwala osafera a mwamuna wake Hou Yi nkuuluka kupita kumwezi, kumeneko amakhala ndi kalulu dzina lake Yutu. Tsono boma lawo zombo zopita kumwezi linazitcha Chang'e, kagalimoto koyamba komwe kanatera mu 2013 ndi Yutu, ndipo Chang'e 4 inatera mbali ya mwezi yomwe sitiiona mu Januwale 2019. Kagalimoto kawo ka ku Mars ka 2021 ndi Zhurong, mulungu wawo wa moto. Choncho kusakanizaku sikunayambire pa foni.

domwe_boy:

kkkkk kalulu wawo wafika kumwezi wathu akadali busy kunamiza njovu ndi mvuu kuti zikokane chingwe. achimwene ingopentani mChinayo mulandire ndalama, kasitomala akufuna zimenezo eti

Mana_waku_Songo:

Ine ndiyankhe mbali ya AI yo. Zambiri zomwe zikuzungulira pa Facebook ndi TikTok ndi za makina ndithu, mudzaona zala zisanu ndi chimodzi, malemba achiChina osawerengeka, ndipo zonse zimafanana, magetsi abuluu ndi apinki basi, ukaona zitatu waona zonse. Koma alipo anthu enieni amene amachita zimenezi mwanzeru ndipo ntchito zawo sizikhala zonyezimira choncho.

Fufuzani Yang Yongliang waku Shanghai. Ukaonera patali chithunzi chake ndi mapiri, nkhungu ndi mathithi ngati zojambula za inki zakale za ku China zija zakuda ndi zoyera, zabata bwinobwino. Ukakulitsa ndi zala pa foni ndi pomwe umazindikira kuti phiri lonselo ndi nyumba zosanja zounjikana, mitengo ndi mapolo a magetsi ndi makina omangira. Ine nditaona koyamba thupi linachita tsembwe chifukwa ndakulira pansi pa mawaya a magetsi a damu la Cahora Bassa, pakhomo pathu ukayang'ana kuphiri umaona zitsulo zili ndondondo kutsika, ndipo munthuyu sakukuuza kuti chitukuko ndi chabwino kapena choipa, akungokuonetsa kuti phiri la agogo ako lasanduka simenti iwe uli chigonere.

Wina ndi Qiu Anxiong. Iwo ali ndi buku lakalekale lotchedwa Shan Hai Jing lofotokoza zilombo zodabwitsa za m'mapiri ndi m'nyanja, ndiye iye anatenga zinthu zamakono monga akasinja ndi sitima zankhondo nkuzijambula ndi inki ngati ndi zilombo za m'buku limenelo, kukhala ngati munthu wakale wadzuka lero akufotokoza zomwe waona osadziwa mayina ake. Uyu anatembenuza, sanaveke chakale zitsulo koma anaveka chitsulo chikopa.

Amene ndimamukonda ine ndi Cai Guo-Qiang, amajambula ndi wonga wa mfuti, paja wonga unayambira kwawo komweko. Mu 1993 anayala chingwe cha wonga cha mamita 10,000 m'chipululu kuyambira pomwe pathera mpanda waukulu wa China ku Jiayuguan nkuchiyatsa usiku, akuti akutalikitsa mpandawo ndi moto kuti okhala kuthambo, ngati aliko, aone. Mu 2015 kwawo ku Quanzhou anakweza makwerero a moto aatali mamita 500 ndi chibaluni m'bandakucha, atalephera katatu m'mayiko ndi mizinda ina zaka zambuyomo, ndipo anapangira agogo ake aakazi a zaka 100. Anayaka mphindi ziwiri ndi theka basi. Zaka zonsezo kulimbana ndi chinthu cha mphindi ziwiri, ndiye AI ingakupatse zimenezo?

Nyakwawa_Furankungo:

Mwanawe wapenti, zaChinazo andiphunzitsa anzangawa, ine ndilankhule za gule. Choyamba usaganize kuti ukubweretsa chachilendo. Gule anayamba kale kumeza zinthu zatsopano, kuli chilombo cha galimoto, kuli cha ndege, Simoni wofiira uja si mzungu wopsa ndi dzuwa? Maliya anachokera kuti ngati si kutchalitchi? Akuluakulu aja akaona chinthu chabwera m'mudzi chikusokoneza anthu amachilowetsa m'bwalo nkuchivinitsa kuti anthu achiseke komanso achimvetse. Ndi chifukwa chake a UNESCO anauzindikira mu 2005, wa kuno ndi Malawi ndi Zambia pamodzi.

Koma pomwe wanena kuti mawaya mkati ndi pomwe ndakhala tsonga. Msilikali waku China ndi dothi, ukhoza kumung'amba mmene ungafunire palibe akufunse. Gule ndi chilombo chochokera kumanda, ulibe mkati moti nkuonetsa pakhoma la mometera momwe mukhala ana ndi amayi odikira. Ukajambula nkhope yotseguka anthu ena adzakuwerengera kuti waulula za kudambwe, ndipo mlandu wake sudzathera pa iwe, udzafika kwa mwini shopu ndi kwa amfumu. Sindikukuopseza, ndikukuuza monga kholo. Ngati mtima wakakamira pa gule, jambula mmene amaonekera pabwalo aliyense akuona, fumbi lili koboo, kumbuyoko ikako nyumba zako zam'mitambozo, koma uyambe wakhala pansi ndi akulu a kwanuko.

Nanga nkhani zathu zatha? Kaphirintiwa alipo ku Dzalanyama kumalire komweku, komwe amati anthu oyamba ndi nyama anatsika kumwamba nkusiya mapazi pathanthwe likadali lofewa. Kutsika kumwamba mwana wanga, si chombo chimenecho? Undi likulu lake linali ku Mano m'chigawo chathu chomwechino cha Tete asanasamukire ku Zambia, ndani anamujambulapo?

domwe_boy:

agogo mwatiphera pamenepo, Kaphirintiwa ndi bwalo la ndege loyamba kkkk

Wapenti_Ulongwe:

Zikomo nonse, aphunzitsi mwanditsegula mutu, zoti anali opaka utoto sindimadziwa ndipo zandiwawa ngati ndine ndinapenta. Agogo ndamva, za mkati mwa gule ndasiya.

Usiku sindinagone ndimaganiza zomwe anena mana aku Songo za uja wotembenuza. Ndajambula ndi pensulo kuseri kwa katoni, Napolo akutuluka m'phiri la Domwe, mutu wanjoka ndithu koma thupi lake ndi mabogi a sitima ya malasha ya ku Moatize olumikizana mpaka kuzungulira khoma lonse, mamba ake malata, maso ake nyali za sitima, pansi agogo aakazi atasenza mtsuko angoima akumuyang'ana osathawa. Ndamuonetsa wometa uja mmawa uno, wayang'ana nthawi yayitali kenako akuti bho koma pakona muikepobe msilikali wanga uja, ngakhale wamng'ono. Ndavomera, ndimuika waima pamzere akudikira kumetedwa kamfundo kake kaja.

Vuto latsala ndi utoto. Wasiliva wa zitsulozo kuno ukudula ndipo khomalo lapenya kumvula, amene mukudziwa, ndikasakaniza woyera ndi wakuda pang'ono nkupaka vanishi pamwamba zingawale ngati chitsulo kapena ndingolimba mtima ndiitanitse ku Tete pa chapa?