Malume abwera kudzamutenga mtsikana wathu, a bodi akuti tikhululuke

Matroni, Mulanje: Anzanga pa ntchitoyi ndithandizeni nzeru, mutu wandiima. Tili ndi mtsikana wa zaka 15 anabwera kuno kunyumba yathu yosungira atsikana mu Febuluwale ali ndi pakati pa miyezi isanu, anamubweretsa a social welfare atamulanditsa kwa bambo wina wamkulu amene akwawo anamukwatitsako. Wachira bwinobwino mu Juni, khanda lili bwino, iyenso wayamba kuseka mpaka akuimba nawo kwaya, munthu woti miyezi iwiri yoyamba sankatuluka m'chipinda. Ndiye sabata yatha kwabwera malume ake ndi mayi ake atanyamula nkhuku, akuti tabwera kudzapepesa mutipatse mwana wathu, chibale ndi fupa sichiola. A bodi ya mpingo wathu akuti popeza anthu alapa tikhululuke timupereke, komanso pali mtsikana wina akudikira malo. Koma mwanayu usiku amandiuza kuti amawasowa mayi ake, chonsecho akangomva mawu a malumewo thupi lonse njenjenje. Akubweranso Lachisanu. Ndiwauze chani?

Wa zoteteza ana, Dedza: Mayi, choyamba tsegulani fayilo yake muone pepala lomwe anabwera nalo. Ngati anamubweretsa ndi a social welfare ndiye kuti inu munangosungitsidwa, simungamupereke nokha, a bodinso alibe mphamvu imeneyo. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limaika nkhani za mwana wotere m'manja mwa a social welfare ndi khoti la ana. Imbirani ofesi ya pa boma lero lomwe, Lachisanulo pakhale ofisala wawo. Ndipo ukwati umenewo si ukwati, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu a dziko kutseka kampata koti makolo akavomera mwana wa zaka 15 atha kukwatiwa.

Matroni, Mulanje: Kalata ya social welfare ilipo, ndaiona. Vuto ndi loti a bodi akumva ngati ndikukana mawu a Mulungu.

Abusa oyang'anira nyumba ya atsikana, Zomba: Amayi, a bodiwo muwauze mwaulemu kuti kukhululuka ndi kwina, kubweza mwana pamalo pomwe anavulalira ndi kwinanso. Yosefe anawakhululukira abale ake inde, koma werengani Genesis 42 mpaka 45, sanadziulule tsiku loyamba lomwelo, anayamba wawayesa ndi Benjamini kuti aone ngati akadali anthu ogulitsa m'bale wawo. Ndiyenso wokhululukayo ndi ndani apa? Si bodi yomwe inalakwiridwa, ndi mwanayo. Tisamukakamize kunena kuti ndakhululuka pamaso pa akuluakulu atavala majekete, adzanena chifukwa cha mantha ife nkumaimba aleluya. Ngati zikuvuta ndikhoza kuyankhula ndi wapampando wanu ngati m'busa mnzake, nthawi zina zimamveka bwino choncho.

Mayi wa nyumba, Mangochi: Ine ndiyankhula zomwe zinandichitikira ndipo mpaka lero zimandiwawa. Zaka zingapo zapitazo tinamupereka mtsikana ngati ameneyu titangokumana ndi akwawo kamodzi kokha, analira, tinapemphera, tinagwirana manja, ine ndinamulongedzera ndekha katundu mpaka kumuikira sopo ndi zitenje ziwiri, pasanathe mwezi tinamva kuti ali kwa bambo yemwe uja, kenako anasamuka naye sitinamuonenso. Chomwe sitinafunse nchakuti bamboyo anapereka chani. Akwawo anali atadya kale ndalama zake ndipo ankawalonjerera tsiku ndi tsiku, ndiye kupepesa konse kuja kunali kufuna kubweza ngongole ndi mwana. Mayi funsani funso limeneli poyera, kunalowa chani m'nyumbamo, ndalama, malata, feteleza, mbuzi? Ndipo mayi akewo muwatengere pambali paokha malume kulibe, kwanu ko malume ndiye mwini mbumba, mlongo wawo sangatsutse iwo ali pompo. Mufunsenso kuti bamboyo ali kuti pano, nkhani yake ku polisi ku Victim Support inathera pati.

Mlangizi wa atsikana, Blantyre: Zonsezi ndikugwirizana nazo koma ndiikepo mbali ina, tisawasandutse akwawo adani. Ife timawakonda anawa mpaka kuiwala kuti nyumba zathuzi si mudzi. Akadzakwana zaka 18 adzatuluka, apita kuti? Ku Mulanje munda umayenda kuchikazi, malo ake olima ndi omanga ali kwa mayi akewo, khandalonso mtundu wake ndi womwewo. Tikadula chingwecho tamusiya m'malere mawa. Ndaonapo atsikana okhala nafe zaka zisanu, chizungu chabwino, mavesi pamtima, koma kufika kwawo ngati alendo osadziwa ndi pogona pomwe. Boma nalonso masiku ano likulimbikitsa kuti ana abwerere kwa abale osati kukulira m'nyumba zosungira ana. Ndiye musawauze kuti ayi, auzeni kuti pang'onopang'ono. Nkhukuyo landirani, adyetseni nsima, mayi ake azibwera kudzacheza aone mdzukulu.

Mayi wa nyumba, Mangochi: Asisi sindikukana, koma kubwerera kwa abale sikuti ndi nyumba ya malume yokha. Agogo aakazi alipo? Mayi aang'ono okhala mudzi wina?

Mlangizi wa atsikana, Blantyre: Eya pamenepo tili limodzi. Ndipo mwanayo afunsidwe yekha kuti angamasuke kwa ndani, amadziwa bwino kuposa ife.

Wa zoteteza ana, Dedza: Mmene timachitira kuno, asanasunthe mwana timapita kaye kumudziko ndi ofisala, osati ulendo umodzi, kukaona pogona, chakudya, mtunda wa kusukulu ndi kuchipatala chifukwa khandalo lili ndi masikelo ndi katemera. Timakhala pansi ndi a mfumu, mgwirizano ulembedwe, malume asayine a mfumu akuona. Mafumu akaigwira nkhani imalimba, kuno kwathu Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ambirimbiri chifukwa anagwira nyakwawa zawo kuti zisamavomereze. Kenako mwana apite masiku awiri abwere, mumve zomwe anene, kenako sabata. Akakhazikika muzimuyendera, ndipo aloweze pamtima nambala ya foni yothandizira ana ya 116, ndi yaulere.

Mphunzitsi wa m'nyumba ya atsikana, Lilongwe: Za sukulu musaiwale chonde, mtsikana wongokhala pakhomo ndi khanda ndi amene amabwezedwa kubanja msanga. Boma linalola kuyambira 1993 kuti wobereka abwerere kusukulu, kaonaneni ndi ahedi mumve kuti angayambe liti ndi makalata omwe akufunika, komanso a mother group a pasukulupo amudziwe, amayi amenewo ndi maso athu kumudzi. Funso lovuta ndi loti khanda azilera ndani iye ali m'kalasi, limenelo liyankhidwe asananyamuke, ndi dzina la munthu osati tidzaona.

Matroni, Mulanje: Ndabweranso anzanga, Lachisanu lija tinakumana. Ofisala anabwera, a bodi awiri analiponso, abusa zikomo foni yanu inathandiza, wapampando anayamba yekha kunena za Yosefe. Mayi ake nditawatengera kukhitchini analira nkuulula kuti bamboyo anapereka malata a nyumba ya malume ndi matumba awiri a feteleza, ndipo wakhala akubwera kudzaopseza kuti asasula denga. Ali m'mudzi momwemo, akuyenda momasuka. Ofisala akuti nkhani imeneyo aibweza ku polisi ndipo mwana sachoka kuno pakadali pano. Malume anakwiya ananyamuka osadya, koma mayi anatsala mpaka madzulo atabereka mdzukulu kumbuyo, mwanayo anagona tulo usiku umenewo. Watchula yekha mayi ake aang'ono okhala ku Thyolo, akuti kumeneko angapite. Tikufuna tikawaone sabata ya mawa. Mtsikana wodikira malo uja tamuyalira matiresi m'chipinda changa kaye. A ku Dedza, mungandiuze zomwe mumalemba mu mgwirizano wa kwa a mfumu uja? Ndikufuna ndipite nditakonzeka.

Wa zoteteza ana, Dedza: Ndikulemberani usiku uno ndikaweruka. Ku Thyoloko mukafunsenso ngati amuna awo a mayi aang'onowo avomera, ndipo muwaone ndi maso anu, musangomva kwa akazi awo.