Purosesa ikugwa liwiro pakatha theka la mphindi: ndi kutentha kapena malire a kufakitale?

Kondwani_LL

Akuluakulu, ndipatseniko nzeru ndisanataye ndalama. Kompyuta ndi ya magemu, zija zobwera zomanga kale kufakitale. Muli purosesa ya Core i7-12700F, khadi la zithunzi (GPU) la RTX 3060 Ti ndi RAM ya 16GB. Choziziritsira purosesa ndi kaja kozungulira ka aluminiyamu, fani yake yopemerera pansi. Kumbuyo kuli fani imodzi ya 92mm, kutsogolo kulibe, ndipo kumaso kwa kesi ndi pulasitiki yotseka, mpweya umangolowera m'timipata ta m'mbali.

Ndikayatsa Cinebench R23, pulogalamu yoyesera mphamvu ya purosesa, ma core amayambira pa 4.4 GHz, kutentha n'kuthamangira pa madigiri 99. Pakangotha theka la mphindi liwiro limagwera cha m'ma 3 GHz, kutenthanso n'kutsika kufika 74. M'magemu ndi nkhani ina: poyamba zimayenda bwinobwino, koma pakatha mphindi 20 chithunzi chimayamba kudodoma, mafani ali pakalapakala. Masana a Okutobala ano m'chipinda mukumafika madigiri 32. Maganizo anga ndi ogula AIO (choziziritsira cha madzi) ya 240mm. Ithetsa zonsezi?

mmisiri_wa_mabodi

Achimwene, musagule kaye kanthu. Taonaninso manambala mwalembawo. Liwiro likugwa, kutentha nakonso n'kutsika kufika 74. Purosesa yobwezedwa ndi kutentha sichita choncho ayi: imakakamira pa 99 kapena 100 pomwepo, n'kumachepetsa liwiro pang'onopang'ono kuti isapyole. Yanuyi pa Cinebench ikubwezedwa ndi malire a magetsi.

Intel inaipatsa i7-12700F manambala awiri. Mawati 65 ndi omwe imaloledwa kudya kwa nthawi yaitali, ndiyo PL1. Mawati 180 ndi a kanthawi chabe, ndiyo PL2. Pakati pa awiriwa pali Tau, nthawi imene purosesa imaloledwa kupyola PL1, yomwe pa mapurosesa a mawati 65 nthawi zambiri imakhala masekondi 28. Sikuti ndi wotchi yowerenga masekondi ndendende. Purosesa imasunga avareji ya magetsi amene yadya posachedwapa, ndipo avarejiyo ikafika pa PL1 turbo (liwiro lowonjezera lija) imadulidwa. N'chifukwa chake mukabwereza Cinebench osaipumitsa imagwa msanga kuposa ulendo woyamba. Mabodi ambiri ogula paokha amabwera malirewa atakwezedwa kale. Opanga makompyuta athunthu amakonda kuwasiya pa 65, poti choziziritsira ndi VRM (tizipangizo ta pa bodi topereka magetsi ku purosesa) zimene anaikamo n'za msinkhu womwewo. Ndiye mutha kumanga AIO yodula, madigiri n'kutsika ndithu, koma liwiro n'kumagwabe pa sekondi yomweyo.

Yezani motere. Tsegulani pulogalamu ya HWiNFO64 pa Sensors-only, fufutani manambala akale podina kawotchi ka m'munsi, yatsani logging, kenako Cinebench kwa mphindi 10. Muziyang'ana CPU Package Power, Core Thermal Throttling, ndi mizere ya pansi pa Performance Limit Reasons: wa PL1, wa Thermal Event, wa VR Thermal Alert (alamu ya kutentha kwa VRM) ndi wa PROCHOT (chizindikiro chouza purosesa kuti itsitse liwiro chifukwa cha kutentha). Chenjerani ndi ndime ya Maximum. Ikalemba Yes kamodzi imakhala choncho mpaka mutaifufuta, ndiye anthu amaona Yes pa Thermal n'kuthamangira kusitolo, chonsecho zinangochitika masekondi 15 oyambirira aja. Tsegulani fayilo ya log muone kuti mzere uti unayaka nthawi iti.

Za gemu, iseweredwe kawiri, mphindi 30 ulendo uliwonse: koyamba kesi ili yotseka, kachiwiri mutachotsa chitseko cha m'mbali. Mulembenso kutentha ndi liwiro la GPU. Kutsegula kukatsitsa madigiri oposa 5 kapena 6, vuto ndi mpweya wa m'kesi.

Tadala.K

Ndionjezere za AIO ija, poti pamenepo ndi pomwe ndalama zimakathera. Makesi ambiri a kufakitale alibe malo a rediyeta ya 240mm. Imafuna mipata iwiri ya mafani a 120mm yogundizana, kuonjezera kukhuthala kwa rediyeta ndi fani komwe kumaposa 50mm. Ngati kumbuyo kwanu kuli ka 92mm, ngakhale ya 120mm siilowa pamenepo.

Tengani rula, muyeze kuchoka pamwamba pa purosesa kufika pomwe chitseko chimakhala. Zoziziritsira zotchuka ngati Thermalright Peerless Assassin 120 SE ndi zazitali 155mm, Noctua NH-U12S ndi 158mm, ndipo kesi yopapatiza siitseka. Zomwe zimalowa ndi za fani ya 92mm: NH-U9S ndi 125mm, NH-D9L ndi 110mm.

Kutalika si zonse. Soketi yanu ndi LGA1700, mabowo ake ndi otalikirana 78mm, pomwe a LGA1200 ndi LGA115x ndi 75mm, choncho onetsetsani kuti m'bokosi muli zomangira za 1700. Komanso suzumirani kuseri kwa bodi. Opanga ena amamata chitsulo chawochawo kuseri, ena amadinda mabowo a masikuluwu pa kesi penipenipo. Zikakhala choncho chitsulo chobwera ndi choziziritsira chatsopano chimasowa polowa, ndipo mumayenera kuzula bodi yonse kapena kupeza masikuluwu a M3 a utali woyenera. Aatali kwambiri choziziritsira chimakhala chogwedera, osakhudza bwino purosesa. Aafupi mukawakakamiza bodi imapindika.

China chomwe ambiri sachiona n'chakuti kafani kopemerera pansi kaja, ngakhale n'kachabechabe, kamauziranso ma MOSFET (timachipi ta magetsi) a VRM ozungulira soketi, omwe pa mabodi otere nthawi zambiri amakhala pamtetete opanda heatsink (kachitsulo kochotsa kutentha). Mukaika choziziritsira choimirira (tower) kapena AIO kamphepo kameneko kamatha. Purosesa imaoneka yozizira, koma VRM ikupsa, ndipo ikapsa kwambiri imatumiza PROCHOT, liwiro n'kugwera pansi penipeni, mwina 800 MHz. Kudodoma kwake n'koipa kuposa komwe muli nako pano.

Kondwani_LL

Zikomo nonse. Ndayeza. Pa Cinebench, Thermal yayaka poyambirira pokha, kenako PL1 mpaka kumapeto, Package Power ili njii pa 65. VR Thermal Alert ndi PROCHOT sizinayake. M'gemu kesi yotseka: purosesa 86, GPU 83, liwiro la GPU kutsika kuchoka cha m'ma 1900 MHz kufika m'ma 1600, PL1 ikuthwanimathwanima. Chitseko chochotsa: purosesa 76, GPU 73, kudodoma kwachepa kwambiri. Mpata wa choziziritsira ndi 132mm. Kuseri kwa pulasitiki ya kumaso kuli mabowo a fani ya 120mm, koma pa bodi palibe polumikiza potsala. PSU (bokosi lopereka magetsi) yalembedwa 500W.

mmisiri_wa_mabodi

Basi zaoneka. M'magemu wolakwa wamkulu ndi kesi. RTX 3060 Ti imatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 200, ndipo mafani ake amangokutayira m'kesi momwemo. Kafani kamodzi ka 92mm sikangakutulutse, ndiye mkatimo mumakhala ngati minibasi yodzadza yotseka mawindo onse. Makhadi a Nvidia a m'badwo umenewu amabwera atauzidwa kuti asapyole 83, n'chifukwa chake yanu yaima pomwepo n'kumatsitsa liwiro. Mphindi 20 zija ndi nthawi yomwe mpweya ndi zitsulo za mkati zimatenga kuti zikhute kutentha. Chipinda nachonso chili ndi gawo lake: digiri iliyonse yomwe chakwera imakakweranso pa purosesa ndi pa GPU pafupifupi chimodzimodzi.

Yambani ndi zotsika mtengo. Ikani fani ya 120mm ya 4-pin PWM kutsogolo, yokokera mpweya mkati. Mbali yomwe kuli timitanda togwira mota ndi komwe mpweya umatulukira, choncho mbali imeneyo iyang'ane mkati. Polumikiza, gwiritsani splitter (kachingwe kogawa polumikiza pawiri) pa pini za fani ya kumbuyo. Mafani awiri wamba safika pa 1A yomwe polumikiza pambiri pamapirira, koma werengani ma amp olembedwa pa fani iliyonse. Ya kufakitale ikakhala yodya kwambiri, tengani hub yotenga magetsi ku SATA. Nthambi ya splitter yokhala ndi mapini onse 4 ipite ku fani yakale, chifukwa BIOS (pulogalamu ya pa bodi yoyambitsa kompyuta) zina zikapanda kumva kuzungulira kwake (RPM) zimaima ndi uthenga wa fan error pa boot iliyonse.

Kenako GPU. Mu pulogalamu ya MSI Afterburner dinani Ctrl+F, sankhani kadontho ka 900 mV, kakwezeni kufika cha pa 1850 MHz, mzere wonse wa kumanja kwake muusalaze, Apply. Sewerani ola lathunthu. Gemu ikadzitseka yokha, tsitsani ndi 30 MHz muyesenso. Khadi limadya mawati ochepa pa liwiro pafupifupi lomwelo, ndipo kutentha komwe sikunapangidwe sikufuna fani yokutulutsa.

Zikatero ndiye choziziritsira. NH-U9S ilowa pa 132mm, fani yake ipemerere kumbuyo. Pukutani paste yakale (phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira) ndi isopropyl ya 90% kapena kuposa. Purosesa za 1700 ndi zazitali mbali imodzi, ndiye kadontho kamodzi pakati sikafika m'mapeto: ikani kamzere motsata utali wake, kapena kadontho pakati ndi tina tinayi ting'onoting'ono cha m'makona. Mangani masikuluwu mosinthanasinthana, kuzunguza kawiri uku kawiri uko.

PL1 ikhale yomaliza. Mu pulogalamu ya ThrottleStop tsegulani TPL, tsamba la malire a magetsi. Malire amalembedwa malo awiri, MSR ndi MMIO, ndipo purosesa imamvera otsikawo, choncho chongani Lock pa MMIO, kenako lembani PL1 yatsopano pa MSR. Musalumphire ku 180. Yambani 85, yesani mphindi 10 diso lili pa VR Thermal Alert, kenako 95, kenako 105, ndipo muime pomwe purosesa yayamba kupyola 90. PL2 mutha kuitsitsa kufika 130 kuti kuthamangira ku 99 kuja kuthe. PSU ya 500W ipirira zimenezi. Mukapeza kuti MSR inakhomedwa kale ndi BIOS, kapena nambala ikubwerera yokha pa 65 pakapita kanthawi, ndiye kuti opangawo anatseka dala ndipo ThrottleStop siingathe kanthu.

Tadala.K

Pa dongosolo limenelo ndikugwirizana nawo akuluwa, kupatula 105. Pa bodi ya VRM yosavala, sindingalangize kupyola 95 musanamate timaheatsink ta aluminiyamu pa ma MOSFET ndi thermal tape, chifukwa mabodi ambiri otere saonetsa n'komwe kutentha kwa VRM mu HWiNFO, ndipo alamu ija imayaka zinthu zitapsa kale. Timaheatsinkto tisakhudze miyendo ya tizipangizo toyandikana nato. Phindu lake ndi lochepanso: kuchoka 65 kufika 95 kusiyana kumaoneka, kupitirira apo madigiri amakwera msanga kuposa liwiro, makamaka m'magemu.

Wina akakuuzani kuti muike Maximum processor state pa 99% mu Windows, musamvere. Pa makina ambiri zimenezo zimazimitsa turbo yonse, ndipo ma P-core a 12700F opanda turbo ndi 2.1 GHz basi. Undervolt (kutsitsa voteji) ya purosesa musayembekezerenso: chichokereni vuto la chitetezo lotchedwa Plundervolt la 2019 opanga ambiri anaitseka mu BIOS, ndipo yanuyi si ya K (mtundu wa purosesa wosakhomedwa).

Ngati waranti ikadalipo, werengani pepala lake musanamasule choziziritsira, ndipo chakalecho muchisunge pamodzi ndi masikuluwu ake. Pa nyengo ya fumbi ino pemererani zipsepse za GPU mwezi ndi mwezi, kompyuta ili yozimitsa, chingwe chozula, chala chitagwira fani kuti isazungulire.

Kondwani_LL

Ndamva. Ndiyamba ndi fani ya kutsogolo ndi Afterburner, kenako ndibweretse log ina. Pa TPL ndaona kuti MSR sinakhomedwe.