Pogona potchipa ku Guangzhou, ndithandizeni

Abale ndi alongo amene munafikako ku Guangzhou, mzinda wa ku China, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna kukaona msika wa zovala wa Baima, koma m'thumba mwapepuka, tikiti ya ndege yodzera ku Addis Ababa yandidyera kale zambiri.

Chikundisowetsa tulo ndi pogona. Ku Xiaobei, komwe kumapezeka anthu ambiri a ku Africa, kuli malo otchipa koma aukhondo? Paja mahotela ena amabweza munthu akangoona pasipoti yakunja. Epulo ndi Okutobala ndikuwapewa dala, nthawi ya Canton Fair, chionetsero chachikulu cha zamalonda, zipinda zimakwera mtengo koopsa.

Nanga Alipay, pulogalamu ya pafoni yolipirira zinthu, munailumikiza bwanji ku khadi la banki ya kuno kumudzi? Kuchokera pa bwalo la ndege la Baiyun ndikufuna kukwera sitima ya metro, za taxi ayi.