Pempho la amayi a kwathu losoka nsalu ya zigamba

Mlembi wa gulu, ku Lusaka:

Abale ndi alongo, ndalandira pempho lochokera kwa amayi a kilabu yosoka ya kwathu, ndipo a Wapampando andituma kuti ndiliike pano kuti aliyense anenepo maganizo ake tisanakhale pa msonkhano. Amayiwa akufuna kusoka nsalu imodzi yaikulu ya zigamba. Mayi aliyense adzasoka chigamba chake chokhala ndi chithunzi cha nkhani yokhudza ufulu wachibadwidwe, monga kulanda chuma cha amasiye, kukwatiwitsa ana aang'ono, nkhanza za m'banja ndi kusala anthu olumala, kenaka zigambazo zidzalumikizidwa pamodzi. Zidutswa za zitenje adzakazipempha kwa atelala a pa msika wa Kapata ku Chipata, koma akupempha kuti ndalama ya ulusi, singano, nsalu yakumbuyo ndi yokonzetsera makina amene adawonongeka ichokere m'thumba lathu. Akufuna kuti nsaluyo idzaonetsedwe m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala.

Msungichuma, ku Kitwe:

Zikomo a Mlembi. Sindikunyoza luso la amayi athu, koma ndiyenera kukumbutsa gulu kuti ndalama imene ndikusunga tidaisonkhera mjigo wa pa sukulu, ndipo mpaka lero siinakwane. Ana athu akutungabe madzi kudambo, ndiye zidzandivuta kufotokozera anthu amene adapereka mochita kudzimana kuti ndalama yawo yagula ulusi. Mu 2022 boma la Zambia lidakweza ndalama ya CDF, thumba la chitukuko cha m'madera, kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina la ndalamayo ndi lothandiza makilabu a amayi ndi achinyamata. Amayiwa alembe pempho lawo kudzera ku komiti ya chitukuko ya wodi, ife tiwathandize kalembedwe kokha.

Mphunzitsi wopuma, ku Katete:

A Msungichuma, za madzi palibe angatsutse, komabe ndikupempha kuti tione chimene amayiwa aona. Lamulo logawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilo lidakhazikitsidwa mu 1989, ndipo limanena kuti pa magawo 100 a chumacho, ana atenge 50, mkazi kapena mwamuna wotsala atenge 20, makolo a malemu atenge 20, ndipo 10 otsalawo apite kwa ena amene ankadalira malemuwo. Limanenanso kuti wamasiye akhalebe m'nyumbamo pamodzi ndi ana mpaka atamwalira kapena atalowa banja lina. Papita zaka zoposa 30, koma pa maliro ambiri amene ndakhalapo, achibale amayamba kuwerengera mbuzi, njinga ndi malata mtembo usanatuluke n'komwe, ndipo mayi wofedwayo amangokhala chete m'nyumba ya siwa chifukwa sadziwa kuti pali lamulo lomuteteza.

Malamulowa adalembedwa m'Chingerezi ndipo amakhala m'mabuku amene agogo athu sadzawatsegula. Palinso mfundo imene ambiri saidziwa, yakuti lamulo la 1989 silikhudza malo amene ali pansi pa mafumu. Choncho munda wa mayi wamasiye, umene ndiwo umadyetsa ana, umagamulidwa ndi anyakwawa ndi achibale molingana ndi mwambo, ndipo mwambowo ndi wosiyana pakati pa Achewa, amene amatsata kuchikazi, ndi Angoni, amene amatsata kuchimuna. Nkhani yotere khoti lokha silingaithe, imafunika kukambidwa pabwalo la mudzi. Ngati nsalu yopachikidwa pabwalopo ingachititse anthu kuimirira ndi kufunsana kuti ngolo yosokedwa pa nsaluyo ikupita nazo kuti mbuzi za ana, ine ndikuona kuti ndalamayo siinatayike.

Namwino, ku Manchester:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, ndipo ndionjezere kuti amayi athu si oyamba kugwiritsa ntchito singano motere. Ku Chile, asilikali atalanda boma mu 1973 motsogozedwa ndi Pinochet, amayi amene amuna ndi ana awo adagwidwa n'kusowa ankasokerera zidutswa za nsalu pa masaka, kuonetsa zimene manyuzipepala sankaloledwa kulemba, ndipo mpingo wa Katolika unkawathandiza kugulitsa nsaluzo kunja kwa dziko. Ku Alabama ku America, amayi achikuda adakhazikitsa kopaletivi ya Freedom Quilting Bee mu 1966, pa nthawi imene mabanja ena ankathamangitsidwa pa minda ya azungu chifukwa cholembetsa kuti aziponya voti, ndipo kusoka zofunda za zigamba kudawapezetsa ndalama yawoyawo. Mu 1987 mumzinda wa Washington adayala nsalu yokumbukira anthu omwalira ndi Edzi, yokhala ndi zigamba 1,920, chilichonse chachikulu molingana ndi manda a munthu, ndipo mphamvu yake inali m'maina a anthuwo. N'chifukwa chake ndikupempha kuti nafenso tisaope kulemba maina a amene adavutika.

Amalume athu, kumudzi:

Mwana wanga, za maiko akutali tazimva ndipo tathokoza, koma pali kusiyana kumene inu a kunja simungakuone msanga. Amayi a ku Chile ankaloza chala boma la asilikali, pamene kuno chala chidzaloza mlamu wa munthu, amene mawa adzafunika pokumba manda kapena pobwereka ngolo. M'mudzi muno aliyense amadziwa khola la mnzake. Mukasoka ng'ombe ziwiri zakuda zikutulutsidwa m'khola pa tsiku la maliro, ngakhale musalembe dzina, anthu adzadziwa banja limene mukunena, ndipo mlanduwo udzagwera ife otsala kuno pamene inu muli ku Lusaka ndi ku Ulaya.

Ndili ndi nkhawa zina ziwiri. Atelala amasunga zidutswa za zitenje za zipani, zokhala ndi nkhope za andale, ndipo chidutswa chimodzi chokha chitalowa mu nsaluyo, anthu adzati gulu lathu layamba ndale. Ndamvanso kuti ena akufuna kusoka za kuchinamwali, zimene sizionetsedwa pagulu. Komanso mfumu isanamve, nsalu imeneyi singapachikidwe pabwalo lake.

Mtsogoleri wa kilabu ya amayi, ku Chipata:

Amalume, mwalankhula zoona, ndipo zina mwa zimenezi tidakambirana kale tokha pamene tinkadula nsalu. Kwa mfumu tidzapita ndithu, ndipo tikupempha kuti inuyo mudzatiperekeze. Zitenje za zipani sitidzazikhudza. Za kuchinamwali, palibe mayi pakati pathu amene angaulule mwambo, popeza ena mwa ife ndife anamkungwi. Chimene tikufuna kuonetsa ndi mtsikana akutuluka m'nyumba ya chinamwali n'kubwerera kusukulu atavala yunifomu, osati kupita ku banja, ndipo zimenezi n'zimene Kalonga Gawa Undi amalimbikitsa poletsa kukwatiwitsa ana. Kuyambira mu Disembala 2023 lamulo la dziko limakana ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale ukhale wa mwambo, koma kumidzi makolo ena akulandirabe mbuzi chifukwa cha ana a giredi 7 ngati kuti palibe chasintha.

Kwa anamwino, ndikupepesa kuti pa za maina sitigwirizana nanu. Amene adasoka nsalu ya ku Washington ankalemba maina a abale awo amene adapita, koma athuwa ali moyo ndipo ena akugonabe m'nyumba imodzi ndi owamenya. Tidagwirizana kuti mayi aliyense asoke nkhani yake yokha, osati ya mnansi wake, ndipo akhale ndi ufulu wochotsa chigamba chake ngakhale tsiku loonetsa litayandikira. Tidzasinthanso zinthu zozindikiritsa banja, kotero kuti ng'ombe zakuda zimene amalume anena zikhoza kukhala njinga kapena makina osokera. Si zigamba zonse zidzakhale za chisoni. Mayi wina akufuna kusoka mwana wake amene adatenga pathupi ali kusukulu, nabwerera atabereka chifukwa cha ndondomeko ya boma ya 1997, ndipo lero ali pa ntchito. Wina akufuna kusoka Julia Chikamoneka, amene adatsogolera amayi kutsutsa ulamuliro wa atsamunda ku Lusaka mu 1960, kuti atsikana athu adziwe kuti mayi kulankhula pagulu sikunayambe ndi mabungwe a lero.

Kwa a Msungichuma ndinene ichi mosabisa. Ife ndife amene timatunga madzi kudambo, choncho mjigo timaufuna kuposa wina aliyense m'gulu lino. Pempho la ku CDF tikhoza kulemba, koma kilabu yathu siinalembetsedwe ndipo ilibe akaunti ya ku banki, ndiye pofika nthawi imene mapepala onse adzakwane, Novembala adzakhala atadutsa ndipo amayi adzakhala ali kumunda. Nthawi yathu yosoka ndi ya chilimwe, tikatha kukolola ndi kugulitsa nshawa, mvula isanagwe.

Msungichuma, ku Kitwe:

Amayi, ndamva, ndipo mfundo yolembetsa kilabu yandikhudza. Komabe ndalama ya mjigo sindingaikhudze popanda chilolezo cha onse amene adasonkha. Ndikupempha kuti titsegule chopereka chapadera cha nsaluyi, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuponyamo. Ndikufunsanso kuti, nsaluyo ikatha, mwini wake adzakhala yani? Bungwe lina likabwera kudzaibwereka kuti likaonetse ku hotela ku Lusaka, kapena kudzaijambula n'kuika pa Facebook, ndani adzavomereze, ndipo amayi osokawo adzapindulanji?

Mphunzitsi wopuma, ku Katete:

Funso limeneli n'lofunika kuposa mmene likuonekera. Maganizo anga ndi akuti nsaluyo ikhale ya kilabu, osati ya gulu lathu, ngakhale ulusi tigule ndife, ndipo zimenezi zilembedwe m'mabuku athu kuti pasadzakhale mkangano. Ndikupemphanso kuti pa tsiku loonetsa tidzaitane wapolisi wa ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, chifukwa mayi akaona chigamba chofanana ndi moyo wake adzafunsa kumene angapite, ndipo osoka sangathe kumuyankha zonse.

Wapampando, ku Chipata:

Ndathokoza nonse chifukwa cholankhulana mwaulemu. Monga ndamvera, ndalama ya mjigo ikhala pamene ili, ndipo a Msungichuma atsegula chopereka china cha makina, ulusi ndi kulembetsa kilabu. Amalume aperekeza amayi kwa mfumu, atanyamula zithunzi za zigamba zojambulidwa pa pepala kuti mfumu ndi nduna zake aone asanavomereze. Maina salembedwa pa nsalu, ndipo anamwino atikhululukire pamenepa.

Patsala nkhani ziwiri zimene sitinamvane. Yoyamba ndi ya malo osungira nsaluyo, chifukwa ena akuti kusukulu, ena akuti kutchalitchi, pamene m'kilabu muli amayi a mipingo yosiyana ndiponso Asilamu. Yachiwiri ndi yakuti kodi abambo aloledwe kusoka zigamba zawo, popeza telala wina wa pa Kapata wafunsa kale ngati angasoke za mwana wake wachialubino amene amaopa kuyenda yekha popita kusukulu. Amayi a kilabu akambirane zimenezi Loweruka ndipo atiyankhe pano msonkhano usanafike.