Za mamita ndi mtengo wa madzi kwathu kuno

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Komiti ya madzi inakumana dzulo, ndipo vuto ndi lomwe lija: thanki ikumauma 9 koloko m'mawa isanakwane, a kumtunda kwa tchalitchi madzi sakuwafika n'komwe. Pampu yathu ndi ya sola, imakoka dzuwa likakhalapo basi. Komiti ikuti tisiye zoti nyumba iliyonse izilipira ndalama yofanana, tiike mamita oyezera madzi. Malita 6,000 oyamba pamwezi akhale otchipa, opyola apo mtengo uwirikize kawiri, opyola 15,000 katatu. Tikambirane kaye tisanagule.

Amayi a pakiyosiki: A Mlembi, za malitazo n'zanu. Tiuzeni m'ndowa.

Msungichuma: Ndowa 300 za malita 20, amayi. Ndiye kuti ndowa 10 patsiku.

Achimwene a ku Cape Town: Ine ndikuvomereza. Kuno mu 2018 madamu anatsala pang'ono kuuma, la Theewaterskloof linangosanduka mchenga ndi zitsa. Kuyambira 1 February anatilamula malita 50 munthu aliyense patsiku, ndowa ziwiri ndi theka. Tinkasamba titaimirira m'beseni, madzi omwewo n'kukathira kuchimbudzi. Koma musanamizidwe kuti anthu anasintha chifukwa cha chifundo chokha. Mtengo unkakwera ukamagwiritsa ambiri, ndipo bilu ikabwera yoluma, ngakhale eni madamu osambira anasiya kudzaza. Nambala ya 6,000 ija ndi yakuno, boma linaiika mu 2001 ngati madzi aulere, powerengera anthu 8 pakhomo, aliyense malita 25 patsiku.

Azakhali a nyumba za lendi: Mwana wanga, wanena wekha, anthu 8. Mumpanda mwanga muli mabanja 6, anthu 23 ndi makanda omwe, mpopi umodzi pakati pa bwalo. Ndawerengera pa malita 25 akowo: patsiku ndi 575. Pofika pa 11 talowa kale mtengo wowirikiza, mwezi usanathe tili pa katatu. Ndipo palibe amene wawononga. Kuphika, kusamba, matewera basi. Bwerani m'mawa mudzaone, amayi amaika zidebe pamzere, madzi otsukira mpunga amathirira nawo mpiru kuseri. Pomwe bwana wakhala awiriwiri ndi akazi ake azitsira kapinga ndi paipi mwezi wonse pa mtengo wotchipa. Ndiye tikulanga ndani apa?

Wa kabaza: Azakhali, inu mungokweza lendi, timakudziwani 😂

Azakhali a nyumba za lendi: Iwe, yamba wasiya kutsukira njinga pampopi wa pasukulu.

Achimwene a ku Cape Town: Azakhali akunena zoona, pepani. Kuno okhala m'timanyumba ta kuseri kwa mpanda amadandaulanso zomwezo. Mita imadziwa malita, sidziwa mitu ya anthu.

Alamu a ku Ndirande: Funso langa n'lina. Ku Blantyre kuno madzi kudula ndimamvetsa. Ambiri amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40, ndipo amawakweza mtunda wa mamita pafupifupi 800 ndi magetsi. N'chifukwa anakatenga ena ku Likhubula ku Mulanje, otsika okha. Ife dzuwa sitilipira. Mtengo wa katatu ndi wa chiyani?

Msungichuma: Alamu, dzuwa ndi laulere koma pampu ikapsa tidzabweranso kwa inu a m'tauni ndi mbale. Komanso nkhani si ndalama yokha. Madzi ndi ochepa. Chilimwe chino pali anthu atatu oumba njerwa, migolo kudzaza usiku, ndipo amalipira chimodzimodzi ndi agogo okhala okha.

Woumba njerwa: Tchulani maina, musatiyende m'mbali. Ine sindikana kulipira. Koma njerwa zanga ndi zomwe munamangira chipinda cha pampu, ulele.

Wapampando: Tisatukwanane abale. Amenewo ndi madzi a bizinesi, akhale ndi mtengo wawowawo, zatha. Za Azakhali ndi zomwe zikundivuta. Bwanji malita otchipa tiziwerengera pa banja osati pa mita? Mpanda wa mabanja 6 upatsidwe 36,000.

Amayi a pakiyosiki: Aziwerenga mabanjawo ndani? A lendi amasamuka usiku. Ndipo mawa aliyense adzati khitchini yake ndi banja. Nanga ife otunga pakiyosiki, amene timasenza pamutu, tili sitepe iti?

Msungichuma: Yotchipa nthawi zonse, amayi, izo sitikambirananso. Kuwerenga tipemphe nyakwawa ya amfumu iyende ndi komiti kawiri pachaka.

Agogo aphunzitsi opuma: Ana inu, ndawerenga zonse. Musanaitanitse mamita, wina wapitako pa kamlatho ka kudambo? Paipi yaikulu ikudontha pamenepo chiyambire Pasaka, mpaka pamera nyika ndipo mbuzi zikumwa. Madzi amenewo mita yake adzalipira ndani?

Mlembi: Zikomo agogo, sitinadziwe. Loweruka 7 koloko tikumane pa kamlathopo, obwera atenge makasu. Azakhali, mubwere ndi mndandanda wa mabanja anu tiyesere pa inu.